Gofu ya Malemu Cassimiro

Pamene Florinda ankayala mbatatesi pokwerera basi ku Ulongwe, chaka chomwe nkhondo inayandikira, anamva amuna awiri osadziwana akucheza, wina wovala jekete lakuda, lija amati kazako, wina atatsamira njinga.

"Mukuchokera kumaliro kwa a Cassimiro, adivogado oimira anthu pa milandu aja?" anafunsa wanjinga.

"Eya, bambo. Anali nkhoswe yathu tonse. Milandu ya minda ankaithetsa isanafike kuboma, ndipo ana awo onse anawaphunzitsa kumishoni."

"Nanga zopita ku Dedza Loweruka lililonse, kukamenya gofu ndi Mzungu wa boma? Munthu sungayende ndi Mzungu tsiku lonse uli duu."

"Ankagonja dala. Mzungu akapambana mtima unkafewa, Lolemba wina ankatuluka m'ndende. Mwana wanga Bento anatuluka choncho."

"Lolemba lake liti?"

"Lotsatira Pasaka, chaka chatha."

Wanjinga anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Wanga Romano masipayi, apolisi a boma aja, anadzamutenga Lolemba lomwelo. Mpaka lero sitinamuone."

"Mwina zinangokumanizana, bambo."

"Mwina. Kungoti mphasa imene anasiya mwana wanuyo m'ndendemo sinazizire."