Mmene Ndinagulira Mazira a Achemwali Anga

Ine, amene dzina ndi mudzi wanga mwakopera kale pamwambapo kuchokera pa chitupa changa, wa zaka 46, mphunzitsi wa mbiri yakale pa koleji ya aphunzitsi, ndikupereka umboni uwu kachiwiri, popanda wondikakamiza. Wa dzana uja mung'ambe. Ndabwera chifukwa a Kapitawo a pa famu ya alamu anga, bambo a zaka 68, agona m'chipatala, dzanja lina lili ndi diripi, lina lili ndi unyolo womangidwa kubedi. Mukuti anapangana ndi akuba poti maloko sanathyoledwe. Lembani mmene ndikunenera, bwana, musandikongoletsere.

Lolemba pa 2 mwezi uno, achemwali anga anaperekeza alamu ku opaleshoni ya chiuno, ulendo wa milungu itatu. Poti koleji ili pa tchuthi, anandisiyira famu. Famuyo ili makilomita 14 kuchokera ku tauni yapafupi, msewu wa fumbi. Kuchokera pageti kufika panyumba ndi mamita 600. Pali ng'ombe zamkaka 11, nkhuku za mazira, pampu, mabatire a sola ndi sitolo ya chimanga. Azimayi awiri okama amaweruka 8 koloko m'mawa n'kudzabweranso 4 koloko madzulo. Pakati ponsepo pamakhala a Kapitawo okha ndi galu wa pa tcheni, dzina lake Sajeni. Dzinalo sindinam'patse ndine. Galuyo ndam'dyetsa ndi manja angawa tsiku lililonse, koma mpaka lero amandiuwa ngati ndinam'bera fupa.

Achemwali anamata pepala la malangizo pa firiji. Mzere woyamba: makiyi asachoke m'manja mwako. Wachiwiri: netiweki imapezeka pamwamba pa chulu cha pageti pokha. Wachitatu unali wa chitsulo cha pulawo chopachikidwa pamtengo pabwalo: kugogoda kamodzi ndiye kuti mkaka wakonzeka, kawiri kwabwera alendo, katatu ndi ngozi, siya zonse uthamange. Ndinawauza a Kapitawo kuti sindinathe zaka zisanu ndi ziwiri ku yunivesite kuti ndizidzaitanidwa ndi chitsulo ngati thole. Anati chitsulo sichifunsa satifiketi.

Tsiku lililonse okama akachoka ndinkatenga pikapu yoyera ya alamu n'kupita kukaona matauni ozungulira: siteshoni ya sitima yakale, tchalitchi cha miyala, nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda. Ndinkabwerako 4 koloko.

Lachitatu pa 4, makiyi anga anagwera m'chomwera ng'ombe. A Kapitawo anawavuula ndi waya, nati, "Aphunzitsi, kiyi ndi khanda, sasiyidwa pansi." Anakweza malaya n'kundionetsa awo, omangidwa ndi chingwe m'chiuno, mfundo yake yoda ndi zaka. Madzulo omwewo ndinachita zomwe munthu wophunzira amachita. Ndinadula timapepala, ndinalemba ndi zilembo zazikulu, ndinamata pa kiyi aliyense ndi selotepi: GETI, NYUMBA, KHOLA, PAMPU, MABATIRE, SITOLO YA CHIMANGA. Pa mphete yake ndinalembapo dzina la famu, kuti akatayika munthu wachifundo adzabweze.

Lachisanu pa 6 ndinapita ku tauni ya msika waukulu, makilomita 31, kukadulitsa kiyi wapadera wa nyumba. Wodula makiyi amakhala pakhonde la golosale yoyang'anana ndi depoti, pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mafoni. Ndi wa zaka ngati 50, ndevu za imvi, chala chamkombaphala cha kumanzere n'chodukira. Anati magetsi azima, ndisiye ndibwere pakatha ola. Mphete inali yolimba ndipo zikhadabo ndinali nditangopakitsa kumene, choncho ndinasiya mpukutu wonse. Anawerenga timapepala tija, nati, "Dongosolo lotere lilipobe? Famu yonseyi muli nokha, mayi?" Ine ndinazolowera kuyankha funso limodzi kwa maola awiri. Ndinam'fotokozera za opaleshoni, za nthawi ya okama, za pikapu, ngakhale za galu. Anandimvetsera kuposa ophunzira anga onse. Ndinapita kukajambula mlatho wakale, ndinabwerako patatha ola ndi mphindi 40. Magetsi a m'golosale anali oyaka, ndipo popita paja analinso oyaka. Zimenezo ndazikumbukira dzulo.

Lolemba pa 9, a Kapitawo anaika mapiritsi ophera anankafumbwe m'sitolo ya chimanga. Anafunditsa matumba ndi lona, anamata mawindo ndi mapepala, anajambula chigaza ndi choko pachitseko. Anati, "Mpweya wa muno umagwetsa ndi khoswe yemwe. Masiku asanu ndi awiri osatsegula."

Lachinayi pa 12 ndinanyamuka 8:10 kupita mumzinda. Nditafika pa tauni yapafupi pikapu inayamba kuwira. Makanika anati igone. Podikira ndinalowa mu saluni, ndinavula wigi yanga yaitali n'kulukitsa tsitsi, ndinagula dengu ndi chipewa cha mlaza. Ndinakwera njinga yamoto 11:35. Inanditsitsa pageti 12:05, mwini wake atakana kulowa chifukwa cha galu.

Geti linali lotsegula, loko ali lende. Pansi panali matayala a galimoto yaikulu olowa, opanda otuluka. Ndinayenda mamita 600 aja ndikukonza mawu okawadzudzula nawo a Kapitawo.

Pabwalo panali lole yabuluu, nambala yake yopakidwa matope. Ng'ombe zinayi zinali zitakwezedwa kale. Amuna awiri ankanyamula mabatire. Wachitatu, wamtali, wa chipsera pansi pa khutu la kumanja, anatuluka m'nyumba atavala jekete lobiriwira la alamu ndi jombo zawo, zinthu zomwe zimakhala kuchipinda kwawo kogona. M'manja anali ndi chikwanje. Pakati pa iye ndi ine panali mamita 10. Kumbuyo kwanga kunali msewu wopanda munthu.

Sajeni, amene anali chigonere akunyambita fupa latsopano, anadzuka n'kuyamba kundiuwa mpaka tcheni kuti nga! Akuba atatu anawagwedezera mchira, ine wom'phikira anafuna kundidya. Wamtali uja anati, "Chete iwe! Pepani mayi, sakukudziwani. Tikuthandizeni?"

Mmodzi wa awiri aja, ali pa lole, anati, "Achimwene, si ameneyo?"

Wamtali sanatembenuke. Anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato, nati, "Uja ndi wa pikapu yoyera, wa tsitsi ngati mchira wa hatchi. Akuti wolongolola."

Mawu amenewo mulembe momwemo. Ndinawamva ndipo sindinayankhe, koyamba chibadwire.

Pamenepo ndinamva kugogoda. Katatu. Kenako zii. Katatunso. Sikunali ku chitsulo cha pamtengo, kunali mkati mwa sitolo ya chimanga, mamita 15 kumanzere kwanga, kuseri kwa chitseko cha chigaza chija. Loko anali wokhoma. M'lokomo munali kiyi watsopano wonyezimira, wokhala ndi kapepala komata ndi selotepi. Mpukutu wanga unali m'dengu langa.

Wamtali anali akundiyang'anabe kumaso. Anati, "Ndi mbuzi imeneyo, yadwala." Pa famupo palibe mbuzi.

Ndinati, "Ndafuna mazira, bambo. Thireyi imodzi." Mawuwo anatuluka kachitatu, koyamba ndi kachiwiri pakamwa panangotseguka.

Anati ndikhale pa benchi ya pakhonde. Ndinakhala, dengu nditalipanikiza pamimba ndi manja awiri kuti makiyi asalire. Munthuyo sankadziwa kumene mazira amakhala. Anatsegula chitseko cha khitchini, anatsegula cha bafa, anatsegula cha zida. Ine amene ndinawasanja ndekha m'mawa womwewo ndinangoyang'ana zala zanga za kumapazi. Wotchi ya pakhonde inayenda mphindi zisanu ndi imodzi. Kugogoda kunabweranso katatu, koma kachitatuko kanachedwa. Kenako kunamveka kutsokomola.

Ndinati, "Amayi a pano amatulutsa m'kachipinda ako, kuseri kwa thanki."

Anaima. Anabwera mpaka jombo zake zinagunda nsapato zanga. Anaika chikwanje pa benchi pambali pa ntchafu yanga, nati, "Mumabwerabwera kuno?"

Ndinati, "Kamodzi pa mwezi."

"Mudzi uti?"

Ndinaloza kumadzulo. Sindikudziwa ngati kuli mudzi.

Anapita, anabwera ndi thireyi. Ndinalipira. Mulembenso kuti anandidulira mtengo, pa mazira a nkhuku za achemwali anga, otola ine. Anati, "Muyende bwino. Osatembenuka, galuyu sakonda." Ndinayika dengu pamkono, thireyi m'manja, ndinadutsa pakhomo pa sitolo mamita awiri okha. Pa kapepala ka kiyi uja panalembedwa SITOLO YA CHIMANGA, mawu anga, koma dzanja la wina. Pansi pa chitseko pali mpata wolowa zala ziwiri. Mumpatamo ndinaona zala. Sindinaime.

Mapazi ananditsata mpaka pa thanki, kenako anasiya. Mazira ankagundana m'thireyi ngakhale kunalibe mphepo. Sindinathamange. Ndinawerenga mitengo ya mpanda: ilipo 140.

12:24 ndinakwera chulu. Ndinaimbira polisi, kenako mayi a famu ya kutsidya kwa mtsinje, omwe ali ndi galimoto. Ndisanamalize kulankhula ndinamva lole ikulira. Ndinatsetserekera m'ngalande ya kuseri kwa chulu, muudzu, chafufumimba, thireyi ili patsogolo pa mphuno.

Lole inaima pageti. Chitseko chinatseguka. Wina anati, "Mayi wa mazira uja walowera kuti? Msewu wonsewu mulibe munthu." Ndinaona jombo za alamu pakati pa udzu, mamita atatu. Chikwanje chinasesa udzu kawiri. Linthumbu linali litandikwera m'miyendo mpaka m'chiuno. Zipsera zake adokotala aziona. Ndinaluma mlomo wa chipewa. Ng'ombe ina inalira pa lole, woyendetsa anati, "Tiyeni, dzuwa ili." Ananyamuka 12:41, analowera kum'mawa.

Ndinathamanga. Nsapato zanga mukazipeza pafupi ndi mtengo wa 30 wa mpanda. Kiyi wonyezimira uja anali atam'zula. Ndinatsegula ndi wanga. Apo pokha kapepala kanandithandiza. Ndinakoka mpweya panja, ndinatseka mphuno ndi bulauzi. A Kapitawo anagona chammbali, mphuno ili pampata wa chitseko, sipanala ili m'manja, thovu kukamwa, pamutu pali bala. Ndinawakoka ndi kolala mpaka pansi pa mtengo. Malaya awo anafutukuka. Makiyi awo anali m'chiuno momwemo, pa chingwe chomwecho, mfundo yosamasulidwa. Inali 12:50.

Ndinatenga sipanala ija n'kuyamba kumenya chitsulo cha pamtengo katatu katatu, ine wa madigiri awiri, mpaka mayi a kutsidya anafika 13:05 n'kundilanda. Tinawatengera kuchipatala. Apolisi anafika pafamu 14:30. Ndikungotchula nthawi.

Cha m'ma 5 koloko a Kapitawo anatsegula maso. Anati, "Aphunzitsi, munamva?"

Ndinati, "Ndinamva."

"Nanga munachedwa kuti?"

Ndinati, "Ndimagula mazira."

Anayamba kuseka, chifuwa chinawakaniza, namwino ananditulutsa.

Madzulo omwewo wapolisi mnzanu anandifunsa pa tebulo lomweli ngati makiyi anga anachokapo m'manja mwanga. Ndinati ayi. Anati ndiye kuti atsala makiyi a munthu mmodzi, a Kapitawo. Ndinasaina. Dzulo m'mawa ndinapeza unyolo pa dzanja la a Kapitawo, wapolisi atakhala pampando pambali pawo. A Kapitawo sanandifunse kanthu. Anangondiuza kuti ng'ombe yamawanga isakamidwe bere la kumanzere, lili ndi chilonda.

Dzulo masana achemwali anaimba. Anati zaka 26 akhala akudyetsa njoka, ndipo nditulutse katundu wa a Kapitawo m'nyumba ya antchito. Ndinati netiweki ikuvuta. Ndinali pamwamba penipeni pa chulu. Lero 7 koloko ndakweranso chulucho ndipo ndawauza zonse zomwe ndakuuzanizi. Anangofunsa kuti, "Unalembapo ndi dzina la famu?" Nditavomera anadula foni. Mwina pamaliro pokha ndi pomwe tidzalankhulane, koma imeneyo si nkhani ya polisi.

Ndikupereka m'manja mwanu mpukutu wa makiyi ndi timapepala take, kiyi wapadera amene ndinadulitsa, ndi thireyi ya mazira 30, yomwe wamtali uja anaigwira ndi manja opanda magolovesi. Palibe dzira losweka. Muwawerenge ndikuona, ndipo asadyedwe, ndi umboni. Wodula makiyi ndikhoza kukulozerani lero lomwe, wamtali uja ndingam'zindikire pakati pa anthu chikwi. Ngati pali mlandu wonama pa umboni woyamba, ndi wanga. Nditsegulireni fayilo, ndikuthandizani kulemba.

Koma kiyi amene ndadzera ndi mmodzi, wa unyolo uja. Ndikhala pa benchi ya panjapo mpaka ndione munthu akunyamuka naye kupita kuchipatala. Ndipo monga mwamva, akuti ndine wolongolola.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera, ndipo ulendo uno ndi zoona zonse.

Wopereka umboni: ______________________

Wolemba umboni: ______________________