Mzungu Wosafika pa Maliro

Easter Sailesi anatsala ndi masiku anayi kuti apereke ku yunivesite kafukufuku wake wa masosayiti a maliro a ana a ku Malawi okhala mu Chitungwiza. Atatsika kombi ku Unit D, anapeza azakhali ake a Florida, wapampando wa sosayiti imene anaifufuzayo, akutsuka mbale za gulu kuseri kwa nyumba.

"Tete, buku latha," anatero Easter, m'kamwa muli siwiti imene anampatsa m'malo mwa chenje kosindikizitsa mapepala.

"Nditsegulire pamene pali ine."

"Inu mukuyambira apa, mutu wachinayi."

"Wachinayi? Nanga kutsogoloku wakhalako ndani?"

"Mzungu wina wa ku Ulaya, mwini thiyole."

"Mwini chiyani?"

"Thiyole. Maganizo ofotokoza chifukwa chimene zinthu zimachitikira. Aphunzitsi akuti kafukufuku wopanda thiyole ndi macheza chabe."

"Ndiye akuti chiyani mzungu wakoyo?"

"Akuti mwambo wa maliro umathandiza otsala kuposa wakufa. Umamanga anthu pamodzi."

A Florida anabweza mbale m'beseni pang'onopang'ono. "Amenewo ndi mawu anga. Ndinakuuza utakhala pakhondepo, titachokera koika a Hezekiah."

"Munandiuzadi, ali patsamba 61. Koma iye ndiye anayamba kunena."

"Anamva kwa ndani?"

"Anaganiza yekha."

"Ali pati?"

"Mwina mu ofesi."

"Anagonapo pasimenti pasiwa? Anaimapo pamzere wa pamjigo kutungira anamalira madzi?"

Easter anatsegula masamba angapo. "Sanalembe."

"Lamulo la sosayiti ukulidziwa, unachita kulikopera. Wosafika pa maliro salankhula pamsonkhano. Uyu wafika pa angati?"

"A kuno palibe."

"Ndiye akhale chete."

"Aiwa, tete. Thiyole ili ngati magalasi. Ndimavala kuti ndikuoneni bwino."

"Zaka makumi awiri ndi zitatu wakhala ukundiona ndi maso akowo. Ndikabisa shuga unkamupeza wopanda magalasi."

"Mathiyole alipo amitundumitundu," anapitiriza Easter moleza mtima, akuwerenga pa zala. "Alipo aakulu, ofotokoza za anthu a dziko lonse. Alipo apakati, ofotokoza chinthu chimodzi."

"Wakoyu ndi wamkulu?"

"Wamkulu kwambiri."

"Wodziwa dziko lonse, koma njira ya ku Unit D saidziwa. Muuze abwere Loweruka adzaonekere ku komiti. Atenge mpando wake, athu ndi ochepa."

"Sangabwere."

"Amukaniza viza?"

"Anamwalira."

A Florida anapukuta manja pachitenje. "Liti?"

"Papita zaka pafupifupi zana."

"Osatumiza ndi uthenga womwe?"

"Munali musanabadwe, tete."

"Amayi analipo. Anthu amenewa ndi otero. Maliro awo abisa, athu sabwera, koma m'buku akufuna mpando wa kutsogolo."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi Baibulo. Pakati pa Masalimo anasololapo pepala lopindidwa kanayi.

"Ili unandisainitsa tsiku loyamba. Werenga mzere wotsiriza."

Easter anawerenga momveka bwino, monga anaphunzitsidwira. "Wofunsidwa ali ndi ufulu wochotsa mawu ake nthawi ina iliyonse, popanda kupereka chifukwa."

"Chifukwa ndili nacho, koma sindipereka. Ndibwezere mawu anga."

"Onse?"

"Ndi chifuwa chomwe ndinatsokomola m'kawailesi kako kaja. Amayi a sosayiti nawonso ndikawauza lero achotse awo."

"Mukatero m'buku mutsala mzungu yekha, masamba khumi ndi asanu."

"Adzimange pamodzi yekhayo."

Easter anatembenuza ndowa nakhalapo. Siwiti inali itatha. 

"Ulipo mtundu wina," anatero motsitsa mawu. "Thiyole yochokera mwa anthu amene wawafunsa. Suyamba ndi katswiri. Umangomvetsera mpaka maganizo atatuluka m'mawu awo. Imeneyo ikanakhala yanu."

"Yanga? Kutsogolo?"

"Kutsogolo. Koma dzina lenileni saloleza. Mungakhale Wofunsidwa Nambala Wani."

"Bola wani. Nanga bwanji sunayambe ndi imeneyo? Chita yomweyo."

"Chabwino. Mawa ndikapempha chaka china."

"Chaka chanji?"

"Ndiyenera kuyambiranso, kufunsa aliyense kachiwiri, mwina kachitatu. Gauni ndidzavala chaka chamawa. Mwina chinacho."

"Sungaimalize pofika Lachisanu?"

"Imafuna nthawi."

"Ndikuthandiza. Ndilankhula mofulumira."

"Haziite, tete. Sizingatheke."

A Florida anayang'ana mbale zimene zinali pathandala. "Ukudziwa chifukwa chake ndikutsuka zimenezi, pamene kulibe maliro?"

"Zinada?"

"Ndi za phwando lako. Komiti yavomera kutibwereka, pamodzi ndi tenti. Chiyambireni sosayiti, tenti imeneyo sinakhalepo pamwamba pa anthu oseka. Diresi langa lili kwa telala ku Zengeza 2, langotsala mabatani."

"Mabatani angadikire."

"Mai Lena a m'sosayiti yathu aja sangadikire. Mwana wawo anavala gauni chaka chatha, ndipo chithunzi amayenda nacho m'chikwama, ngakhale kumanda. Ndinawauza pamaso pa anthu kuti chaka chino n'changa."

"Ndiye ndiwauze kuti zasintha?" anafunsa Easter akudzuka pandowa paja.

"Khala pansi."

A Florida anapinda pepala lija, nalipindanso, nalibwezera m'Masalimo. Anatsokomola ngati mmene amachitira potsegula msonkhano.

"Wati munthuyu anamwaliradi?"

"Anamwalira."

"Anamuika bwinobwino?"

"Ayenera kuti anamuika."

"Pa maliro amenewo iye analipo?"

Easter anaganiza kaye. "Analipo, tete. Anali ake."

"Anafika pa nthawi yake?"

"Ndiye anayamba kufika."

"Sanathawe pakati pa ulaliki kukamwa mowa kumashopu?"

"Sakanatha."

"Anakhala mpaka dothi lomaliza?"

"Mpaka lero akadali komweko."

A Florida anatola mbale ina nayamba kuikwecha. "Ndiye waposa theka la komiti yanga. Msiye alankhule."