Mayi Amene Ankapita kwa Mlangizi M'malo mwa Mwana Wawo

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1961, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo, wotsiriza kubadwa, choncho zambiri zimene ndinene ndinaziona ndi maso anga.

Sukulu anayamba mu 1968, nalekezera Fomu 2 mu 1978 bambo athu atayamba kudwala. Chaka chotsatira analowa ntchito pa kampani ina yochapa ndi kusita zovala. Anakhala pa simbi zaka zambiri, kenaka anakwezedwa kukhala woyang'anira anzawo. Ukapita kwawo utavala malaya okwinyika, ankayamba akuvula n'kusita, moni pambuyo.

Mu 1984 anakwatiwa ndi malemu alamu athu, amene anali dalaivala wa galimoto zonyamula katundu. Mulungu anawapatsa ana awiri, wamkazi mu 1986 ndi wamwamuna mu 1991. Wamwamunayu tonse timamutchula kuti Injiniya, chifukwa ali wamng'ono anamasula wailesi ya bambo ake n'kuimanganso ikulira bwino kuposa kale. Alamu anatisiya mu 2009.

Pa 3 Meyi 2014, Injiniya akuchokera kuntchito yake yokonza mafoni, munthu wina pa depoti ya mabasi anakuwa kuti wakuba, n'kuloza iye. Gulu la anthu linamugwera. Pamene wakuba weniweni ankapezeka, mwana wathu anali atathyoka nthiti ndi mkono. Mafupa analumikizana m'miyezi yochepa. Koma atatuluka m'chipatala analowa m'chipinda chake, chakumapeto kwa kolido, ndipo kuyambira pamenepo maso a anthu sawapirira. Akamva mawu achilendo m'nyumba amatuluka thukuta, amabanika, n'kukhala pansi kuseri kwa chitseko. Kubafa amapita pokhapokha m'nyumba mukakhala zii. Chakudya ankalandira kwa munthu mmodzi yekha, mayi ake.

Kuyambira chaka chimenecho malemu sanagonenso kwina kulikonse. Kuukwati, kumaliro, kutchalitchi, ankafika chikwama chili m'khwapa, mawu oyamba n'kukhala akuti sakhalitsa, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti a Sindikhalitsa. Tinkaseka, iwonso ankaseka nafe, koma zinali zowawa. Mdzukulu wawo woyamba anabadwira kutali, ndipo anamuona atayamba kale kukwawa.

Malangizo aulere anabwera ambiri, monga mukudziwira. Ena amati mwanayo ndi ulesi chabe, ena amati walodzedwa, ena amati angothyola chitseko n'kumukokera panja. Kuchipatala chachikulu anathandiza ndi mankhwala, koma ankafuna kuti wodwalayo aonekere yekha, pomwe chomukanikacho chinali chomwecho. Mu 2016 malemu anamva za malo ena olipira othandiza anthu ovutika maganizo, timaofesi tiwiri pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Kumeneko anawafotokozera mosabisa. Ola limodzi kucheza ndi mlangizi mtengo wake unali wofanana ndi malipiro awo a sabata yathunthu. Kuti mlangizi abwere kunyumba, mtengowo unkawirikiza kawiri, mafuta a galimoto padera. Kucheza pafoni kunali kotsikirapo, koma Injiniya, wokonza mafoni yemweyo, sankatha kulankhula ndi mlendo ngakhale pafonipo.

Malemu anaganiza mwa iwo okha. Poti mwana sangapite, mlangizinso sangabwere, anayamba kupita iwo m'malo mwake. Mlangiziyo, mayi wachitsikana wofatsa, poyamba anakana, nati sangathandize munthu amene sanamuonepo. Koma mlongo wanga mumawadziwa. Anangokhala pampandopo osasuntha, mpaka mlangizi anavomera kuti aziwaphunzitsa iwo zoti azikachita ndi mwana kunyumba. Kawiri pamwezi ankakwera masitepe a kumeneko, n'kubwerako ndi phunziro lake. Lina linali la kapumidwe kochepetsa mantha, lina la kutsegula chitseko pang'ono lero, mawa kuwonjezerako, mpaka kuima pakhomo. Kapumidweko ankayeserera m'basi kuti asaiwale, moti okwera nawo ankawafunsa ngati akudwala mphumu. Akafika ankakhala pansi m'kolido, msana kukhoma, iwo kunja, mwana m'kati, n'kumapumira limodzi.

Mlangizi uja ankaona miyendo yotupa ndi maso a munthu wosagona. Kangapo konse anawapempha kuti theka la olalo azikamba za iwo eni. Malemu ankakana, amati ola limenelo ndi la mwana, iwo sangamudyere zake. Mu 2019 mlangiziyo anawalowetsa m'gulu la makolo osamalira odwala, limene mtengo wake unali wochepa. Anapitako kamodzi, anagona tulo pampando kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo chifukwa cha manyazi sanabwererekonso.

Anapuma pantchito mu 2021, chaka chomwenso mtengo wa uphungu unakwera. Anayamba kupita kamodzi pamwezi, namasita zovala za anthu pakhomo kuti akwanitse kamodziko. Thukuta lawo silinapite pachabe. Mu Juni 2022 Injiniya anafika pabalaza n'kudya patebulo limodzi ndi mayi ake, ndipo tsiku limenelo malemu anandiimbira foni akulira. Nkhani inamveka. Lamlungu lotsatira kunatulukira gulu la abale ndi anansi, osauza munthu, kudzathokoza Mulungu ndi nyimbo. Anabwera ndi mtima wabwino, ndipo ena ali pano, sinditchula mayina. Chitseko cha Injiniya chinatsekedwanso, n'kutha chaka asanaimenso ngakhale pakhomo. Malemu sanakalipire munthu. Anaphikira alendowo tiyi, alendo atapita iwo n'kubwerera kukakhala m'kolido muja.

Mu Malichi 2024 anawapeza ndi matenda a mtima. Kawiri konse madokotala anafuna kuwagoneka, koma iwo anakana, amati akagona kuchipatala mwana chakudya amupatsa ndani. Mwana wawo wamkazi anayesera kupititsa mbale, koma inkabwerera momwe yapitira. Tinawadandaulira, mlangizi nayenso anawadandaulira. Iwo ankadziwa bwino lomwe kuti akudwala, ndipo anandiuza kuti akuopa, koma njira ina sankaiona.

Pa 11 Febuluwale chaka chino cha 2025, anagwa m'khitchini akutsuka mbale. Injiniya anamva kugwako. Anatuluka, anadutsa kolido yonse, anaimbira foni mlongo wake, ndipo anawagoneka mayi ake mutu pamiyendo pake mpaka galimoto inafika. Anthu atalowa kudzawanyamula, zinamukanika, anabwerera m'chipinda. Malemu anakhala m'chipatala masiku anayi, ndipo funso lawo tsiku lililonse linali limodzi, ngati mwana wadya. Tinkawauza zoona, kuti akudya pang'ono mlongo wake akaika mbale n'kuchokapo. Anatisiya pa 15 Febuluwale ali ndi zaka 63.

Malemu asiya ana awiri, adzukulu atatu, akulu awo mmodzi, ndi ine. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, anzawo a kuntchito, anansi amene anathamanga ndi galimoto tsiku lija, a mpingo, ndi nonse mwabwera kudzalira nafe. Tikuthokozanso mlangizi uja, amene ali m'nyumbamu chifikireni m'mawa.

Injiniya akutimva. Zenera lake ndi ilo lili ndi katani yotseka. Kumanda sapita nafe, ndipo pasapezeke womunena. Koma kudzera mwa mlangizi wapempha kuti aone nkhope ya mayi ake. Choncho banja likupempha kuti tonse, abusa ndi akwaya omwe, tituluke kunja kwa geti, nyumba ndi bwalo tizisiye zopanda munthu. Pasakhale nyimbo, pasakhalenso wosuzumira. Onyamula bokosi akaliika pakhomo pa chipinda chake alitsegule, nawonso atuluke. Ngati atsegule chitseko, ife sitikudziwa. Tidikira, galimoto nayonso idikira.

Mlongo wanga, mukafike pakhomo pa mwana wanu komaliza, kenaka mupume. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Tiyeni tituluke mwakachetechete.