Mpando wa Asisi a pa Risepishoni

Olemekezeka Bwana Wamkulu wa kampani yathu, olemekezeka abwana oyang'anira antchito, abambo a makompyuta amene mwakonza maphunzirowa, anzanga okolopa, alonda athu, amayi ndi abambo, ndakupatsani ulemu nonse.

Pepani, ine si wolankhula pagulu. Ine ndinazolowera kulowa m'chipinda chino ndi chokolopera inu mutatuluka, osati kuima kutsogolo maso onse ali pa ine.

Mwandiitana kudzadula riboni yotsegulira maphunzirowa chifukwa cha zimene zinachitika Lachisanu lija. Ndinkapukuta tebulo la abwana a zamalonda, amene tsikulo ankagwira ntchito ali kunyumba, foni n'kulira. Munthuyo anati, "Mayi, ndine wa makompyuta. M'dirowa muli kachipangizo koonetsa manambala. Tandiwerengereni msanga, VPN ya abwana yavuta." Ndinayankha kuti sindigwira za m'dirowa za eni ake. Iye anati, "Ndiye mawa mukakolope kwanu." Ndinaika foni pansi.

Mwalemba pakhomapo kuti ndinapulumutsa kampani. Bwana Wamkulu, zimenezo si zoona. Sindinakane chifukwa cha nzeru, ndinakana chifukwa cha mantha. VPN sindinkaidziwa, ndinkayesa ndi nambala ya galimoto. Komanso kampani sinapulumuke. Munthu uja anaimbira Asisi a pa risepishoni, iwo anathamanga kukamuwerengera manambala aja, akuba n'kulowa m'makompyuta athu n'kutenga maina a makasitomala. Lolemba lake Asisi anachotsedwa ntchito.

Sabata yatha abambo a makompyuta anakhala nane pansi. Anati VPN ili ngati kanjira kotchinga mbali zonse, kochoka kunyumba kwa wantchito mpaka mu ofesi muno, kuti wodutsa asaone zimene wanyamula. Pasiwedi ndi kiyi wa chitseko cha kanjirako. Manambala osinthasintha aja ndi loko wachiwiri, ndipo sauzidwa munthu, ngakhale atalankhula ngati abwana. Zinanditengera mphindi khumi zokha kumva, ine wa pulayimale. Asisi anagwira ntchito pano zaka zisanu ndi zinayi, koma mphindi khumi zimenezo palibe anawapatsa. Chimene anauzidwa n'chakuti woimba foni asadikire. Anachita zimene munawaphunzitsa.

Abwana oyang'anira antchito, ndaona mwayang'ana wotchi. Ndikudziwa kuti mawu awa sali papepala limene munandipatsa, ndipo mwina Lolemba likubwerali wochotsedwa ntchito ndi ine. Koma amene anandilembera kalata yofunsira ntchito ino ndi Asisi, ndipo ana awo awiri amanditchula azakhali. Sindingadule riboni ya chipinda chophunzitsiramo zimene iwo anachotsedwera, mpando wawo mulibemo.

Bwana Wamkulu, ndikupempha chinthu chimodzi. Asisi abwerere pa ntchito, akhale nawo m'kalasi loyamba. Sizasi ndaigwira, koma ndiyamba ndadikira yankho lanu.

Ndidikirabe, bwana. Kuima ndinazolowera.

Zikomo, bwana, ndaona mwavomera ndi mutu, ndipo anthu onsewa aona. Alonda, Asisi ali panja pa geti chiyambire m'mawa, avala diresi lobiriwira. Chonde kawatsegulireni.

Akalowa n'kukhala pansi, ndiye kuti maphunziro a chitetezo cha ogwira ntchito ali kutali ndi ofesi ndawatsegulira.

Zikomo kwambiri nonse.