A Masautso Akana Zotsatira

M'chaka cha 1998, pamene aliyense anali atangophunzira kunena kuti “andibera mavoti”, a Abdallah, eni loji ina ku Senga Bay, anagula makompyuta awiri oti azilankhulana, ina pa risepushoni, ina kunyumba kwawo kuseri kwa loji. Patatha miyezi makinawo osalankhulana, anauza manijala wawo, a Masautso, kuti makinawo akapanda kulankhulana pofika mawa abwerere kukalima ku Chitala, ndiye bambo wosagonja ngakhale pa bawoyu anaimirira kumbuyo kwa Eveles wolandira alendo, thukuta lili kamukamu.

“Yesaninso kadi ya netiweki yolumikizira makinawa.”

Eveles anadina batani. “Yalephera, bwana.”

“Walemba ndani zimenezo?”

“Kompyuta.”

“Yoyesa ndi kompyuta, yoyesedwa ili m'mimba mwa kompyuta, yolengeza ndi kompyuta yomweyo! Pali chilungamo apa? Zotsatirazi ndazikana. Bwerezani!”

“Yalepheranso.”

“Aaa! Ndiye kuti kadiyi ndi yotsutsa boma.”

“Pabokosi pake sanalembe chipani, bwana.”

A Masautso anakanda m'mutu. “Mwina ikufuna kangachepe. Masiku ano palibe amene amavomera chimanjamanja. Ipatseni nsalu.”

Eveles anamasula chitenje m'chiuno, nafunditsa kompyuta yonse bwinobwino.

“Nanga yati bwanji?”

“Sindikuona, bwana. Ndaifunditsa.”

“Ivundukuleni, inu!”

“Nsalu yalandira, koma yalepherabe.”

“Mwaona? Ngati anthu a ku Khombedza! Kudya kwa uyu, kuvotera uyo.” Anawerama, nalankhula ndi kabowo ka mphepo ka kompyutayo motsitsa mawu. “Achimwene, ndili ndi ana asukulu. Mukakhoza ndikugulirani fani yanuyanu.”

“Yayankha, bwana. Ikuti tione ngati waya ali bwino.”

“Ndiye ali bwino?”

“Kwambiri. Alibe ndi fumbi lomwe.”

“Basi, ndi nkhani ya ndale imeneyi. Tikhazikitsa komiti yofufuza. Wapampando ndine.”

“Mamembala?”

“Inuyo. Membala, mukutsimikiza kuti waya mwamuona ndi maso anu?”

“Ndimamuona m'mawa uliwonse ndikamatenga makiyi m'kabati.”

A Masautso anaphethira. “M'kabati?”

“Eee. Ndinamukulunga m'pepala kuopa makoswe.”

“Mayo ine! Akutani m'kabati?”

“Munanena ndinu. Tsiku lija mphezi inang'amba mlambe wa kugombe munati, ‘Zulani waya ameneyo, musamubwezere mpaka nditanena.’”

“Inali nthawi ya mvula imeneyo! Pano ndi Ogasiti, kunja kuli mwera!”

“Koma simunanene.”

“Ndanena tsopano! Ndanena!”

Eveles anatenga waya, nagwada, nalumikiza mbali ina kukhoma, ina kuseri kwa kompyuta. Kagetsi kobiriwira kanayamba kuphethira. Anadina batani lija.

“Yakhoza, bwana.”

A Masautso anavina beni pakati pa risepushoni, tayi ili paphewa. “Demokalase yapambana! Ndinadziwa ine kuti kadiyi ndi yathu. Ku Chitala akandiona pa Khirisimasi basi!”

“A Abdallah akondwa zedi,” anatero Eveles akumanganso chitenje chake. “Aja anatopa nazo zomadikira kuti inuyo mukwere chitunda kukawauza za alendo amene afika.”

“Eetu, ndipumule.”

“Ndi zomwe ananena. Anati makinawa akangoyamba kulankhulana, zonse aziona ali pakhonde, ndipo manijala apumule ndithu, sadzafunikanso.”

Beni anathera m'malere, mwendo umodzi uli m'mwamba.

“Ananena liti zimenezo?”

“Tsiku lomwe anagula.”

“Osandiuza bwanji?”

“Simunafunse, bwana.”

A Masautso anasuzumira pawindo. Kunja kunali kuli ngwee, popanda ndi kamtambo komwe.

“Eveles, mukukuona kunjaku? Kukubwera mphezi yoopsa. Zulani wayayo.”

“Nanga zotsatira, bwana? Yakhozatu.”

“Izi ndiye zobera. Monga wapampando wa komiti, ndikulengeza kuti mayeso oyamba aja anayenda mwaufulu ndi mwachilungamo.”