Envulopu Yosatsegula

Lachiwiri, pabenchi yodikirira dokotala, mayi wina anali atafumbata envulopu yomata. Pafupi naye panakhala bambo wadazi akuwerenga buku lodzaza masamu.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Ndimaphunzitsa ku yunivesite, amayi. Timakangana za tinthu tating'onoting'ono kuposa fumbi. Ena amati kanthu kotere sikakhala pano kapena apo mpaka munthu atakayeza."

"Mpaka lero simunagwirizane?"

"Tsitsi lonse lathera pomwepo."

"Ndiye mundithandize. Umu muli zotsatira za chotupa changa cha m'bere. Ndasunga milungu iwiri, ndipo panopa mtima ukuti ndibwerere kunyumba. Ndikapanda kuyang'ana, si ndiye kuti matendawo sanakhazikike?"

"Ayi, amayi, zimenezo ndi za tinthu tija. Chotupa sichidikira maso a munthu. Ine ndi sukulu yangayi, envulopu ya akazi anga ndinaibisa m'kabati miyezi itatu. Titapita nayo, dokotala anati tachedwa."

"Pepani, bambo."

"Musabwerere, chonde."

"Nayi envulopu. Tsegulani ndinu."

"Ndiwerenge motsitsa?"

"Mokweza. Ndatopa n'kunong'ona."