Kilatchi Imene Inafikitsa Apongozi Kwawo

Abusa, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, abale ndi alongo nonse a muno m'Matero, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo mukaona ndikutalikitsa, wina andikoke jekete.

Ambiri mumandidziwa. Ndine Banda uja wa kavaneti kobiriwira kamene mumakaseka kuti kamatsokomola kasanadzuke. Zaka khumi ndi chimodzi ndagwira ntchito pa galaji ya mzungu m'tauni, ndipo zaka zonsezo dzina langa ndi sipanala boyi. Kupatsira sipanala, kutsuka zitsulo m'palafini, kusesa. Imvi zayamba kumutu, koma kumeneko ndikadali boyi. Injini ndinkangoiona ndi maso, manja ali kumbuyo.

Apongozi anga, bambo a mkazi wanga, mumawakumbuka, ankakhala pa benchi ilo la pakhomo. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, anagwira m'migodi, m'mafamu, mpaka kukalambira muno osapondakonso kwawo. M'nyengo yozizira yapitayi kuchipatala anatiuza kuti tiwatenge, palibenso chimene angachite. Titafika nawo kunyumba anandiitana. Mukudziwa inu kuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, koma tsiku limenelo anandiyang'ana. Anati, "A Banda, ine sindifuna kuikidwa kuno ngati mtchona. Mukandisiye pamene anagona amayi anga."

Pa basi sakanafika, munthu wosatha ngakhale kukhala tsonga. Chiyembekezo chonse chinali kavaneti kaja. Ndipo sabata yomweyo, abale, sabata yomweyo, kilatchi inapsa. Ndikaponda mafuta injini ikulira, galimoto ili chiimire, fungo lokhalokha. Ndinapita kwa folomani wathu kukapempha. Anati mzere ndi wautali, ndibwere pakatha masabata atatu. Masabata atatu, munthu akumwa phala ndi sipuni.

Ndinabwerera mtima uli pansi. Mkazi wanga, uyo wakhala apoyo, anangondifunsa mawu amodzi: "Zaka zonsezi inu kugalajiko munali kuona chiyani?" Anandipweteka, sindinama. Koma m'mawa mwake ndinatenga khasu n'kukumba dzenje pansi pa mtengo wa mango, n'kukankhirapo galimoto. Anansi anabwera kudzaonerera. Wina akuti, "Ba Banda, manje mwayamba kukumba manda ya motoka?" Ine ndikungokumba.

Giyabokosi tinaitsitsa ndi chingwe ndi mtanda wa bulugamu. Ba Tembo, munagwira nawo chingwecho, mundichitire umboni. Nditatsegula ndinapeza kilatchi yadyeka yonse, ndipo fulaiwilo, chitsulo chozungulira cholemera chija chimene kilatchi imagwirapo kumbuyo kwa injini, inali itang'aluka ndi kutentha. Che Saidi, mnzanga wachisilamu wogulitsa zitsulo zakale ku Kamwala, anandipezera zonse ziwiri pa galimoto imene inagwa. Mulungu amatuma amene wafuna.

Tsopano mverani pamene ndinalakwa. Fulaiwilo ija imagwidwa ndi maboti asanu ndi limodzi. Ine ndinamanga loyamba mpaka kulimbiratu, ndi paipi kunsonga kwa sipanala, kenaka loyandikana nalo, kenaka linalo, kuzungulira ngati wotchi. Pa kilatchi chimodzimodzi. Ndinabwezera giyabokosi, tsiku lonse lathunthu. Nditaliza injini, galimoto inayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo, zitseko kugwedera, anansi kuseka. Ndinazimitsa, ndinalowa m'dzenje muja, ndinalira. Ndinalira, abale. Masiku anayi anali atapita, ndipo apongozi anali atayamba kukana ngakhale phala lija. Ndinati, Ambuye, munthuyu afere m'manja mwanga chifukwa cha umbuli wanga?

Iwo anali gone pamphasa akuothera dzuwa m'mbali mwa nyumba, ndipo zonse anazimva. Anatuma mkazi wanga kuti andiitane. "Mwamanga bwanji?" Ndinafotokoza, koma mumtima ndikuti, munthu sanagwirepo chiwongolero chibadwire, andiuza chiyani. Iwo anati, "Ndiye mwapotoza. Ng'oma sakunga mozungulira. Ukakhoma chikhomo uku, china ukhome kutsidya kwake, pang'onopang'ono, mpaka chikopa chikhale pakati."

Abusa mundikhululukire potchula ng'oma pamalo ano. Ngakhale mkazi wanga, mwana wawo, sankadziwa kuti apongozi asanabatizidwe anali okunga ng'oma kwawo. Anazibisa moyo wawo wonse, ndipo anaziulula tsiku limenelo. Pomwepo ndinakumbuka dzanja la folomani, mmene limalumphira uku ndi uku pa maboti. Ndinaliona kambirimbiri, koma chifukwa chake sanandiuzepo, nanenso sindinafunse. Boyi safunsa.

Ba Tembo anagwiranso chingwe, giyabokosi pansi kachiwiri. Ndinamasula zonse, ndinapukuta pamene fulaiwilo imakhala kuti pasatsale ngakhale kamchenga. Maboti ndinawalowetsa ndi zala poyamba. Kenaka sipanala, pang'ono chabe, ili ndi lakutsidya, ili ndi lakutsidya. Ulendo woyamba, ulendo wachiwiri, wachitatu ndiye mphamvu zonse. Sipanala yoyezera mphamvu ija imakhala yokhomeredwa mu ofesi ya mzungu, ine ndinayeza ndi mkono uwu. Kilatchi ndinaiika pakati ndi mpini wa tsache umene ndinausema ndekha. Ndipo sipanala ikangolira m'dzenje muja, ndinkamva mawu ofooka kuchokera pamphasa: "Kutsidya."

Nditalizanso injini, anansi anasiya kuseka. Ndinaika kapu ya madzi pa boneti, ngakhale dontho silinatayike. Ndinalowetsa giya, kavaneti kananyamuka mwaulemu. Yemwe uja wa manda anati, "Ba Banda, kansi vinthu ivi muviziba." Ndinanyada, abale, ndipo mpaka lero ndikunyada. Ngati ndi tchimo, abusa tikambirana tikaweruka.

Tinayala matiresi kumbuyo, mkazi wanga atagoneka mutu wa bambo ake pamiyendo. Masiku atatu mumsewu wa fumbi uja. Mapiri a ku Luangwa ndinakwera ndi giya yoyamba, khutu langa lili pansi pa galimoto, ndipo kilatchi sinaterereke ngakhale kamodzi. Tinadutsa Fort Jameson akupuma. Tinalowa Nyasalande akupuma. Tinafika pamudzi pawo akupumabe.

Panatuluka mlongo wawo, mayi wokalamba woyendera ndodo. Anasuzumira kumbuyo kwa galimoto nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi pafumbi. Anati, "Achimwene, ife tinameta kale maliro anu." Apongozi anaseka, kuseka kwenikweni, n'kupempha madzi a pachitsime cha kwawo.

Anakhala masiku asanu ndi limodzi. Anaona adzukulu a mlongo wawo, anatchula mitengo imene anaisiya ili yaing'ono. Tinawaika pambali pa amayi awo, ndipo dothi loyamba anandipatsa ine mkamwini kuti ndiponye.

Ndiye ndikuthokoza Mulungu amene anawasungira mpweya mpaka pakhomo pawo, amene anapatsa manja awa ntchito yoti agwire. Amayi, musandisiye ndekha. Imbani nthungululu, abambo ombani m'manja, kondwerani nane, pakuti munthu uja anafika kwawo ali moyo. Amen.